Laibulale ya pasukulu: zimene zimachititsa mwana kutenga buku n'kuliwerenga

Pasukulu ina ya pulaimale imene ndinaphunzitsapo, mu ofesi ya ahedi munali kabati yamatabwa yokhoma ndi loko wamkulu. M'kabatimo munali mabuku a nthano oposa 300 amene anthu ena akufuna kwabwino anapereka. Kiyi ankasunga ahedi okha, ndipo akapita kumsonkhano ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanira, ankapita naye m'thumba la jekete. Tsiku limene tinagwirizana zotsegula kabatiyo, tinapeza mabuku a pashelefu yapamwamba adakali m'mapulasitiki momwe anabwerera, osagwidwapo ndi dzanja la mwana. A m'munsi chiswe chinali chitawalowa kale kudzera kukhoma, moti powanyamula masamba ankangoyoyoka ngati gaga.

Ahediwo sanali ouma mtima ayi. Ankachita mantha. Ankati buku likasowa kapena kung'ambika, eni ake akadzabwera adzafunsa iwo, ndipo sukulu idzatchuka ndi kusasamala. Mantha amenewa ndawaona m'sukulu zambiri, ndipo ndikuona kuti amapha malaibulale athu kuposa umphawi weniweniwo. N'chifukwa chake ndikamva za chochitika chilichonse chokopa ana kuwerenga, kaya ndi mpikisano, kaya sewero, kaya tsiku la mabuku, ndimafunsa kuti: zonse zikatha, alendo atapita, buku latsala m'manja mwa ndani, ndipo mawa aligwiranso?

Vuto lathu linachokera patali. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulaimale, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma zipinda, aphunzitsi ndi mabuku sizinakwere nawo. Kalasi ya sitandade 1 ya ana oposa 100 inakhala chinthu chozolowereka, buku limodzi kugwiriramo ana angapo. Kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007 anaika ana athu a sitandade 6 kumapeto kwenikweni pa kuwerenga, poyerekeza ndi anzawo a m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Kafukufuku wa EGRA, woyesa kuwerenga m'makalasi oyambirira, wa mu 2010 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a sitandade 2, oposa 70 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani ka Chichewa. Pofuna kukonza zimenezi, mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa National Reading Programme ya sitandade 1 mpaka 4, imene imaphunzitsa maliwu a malembo ndi maphatikizo mwandondomeko. Ntchito imeneyi ndi yofunika, koma imagwira mbali imodzi. Mbali inayo ndi ya laibulale.

Akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza mu 1986 kuti kuwerenga momvetsa kumayenda ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi kumasula malembo: mwana kuona "nyu" ndi "mba" n'kutchula kuti nyumba. Wachiwiri ndi kumva chiyankhulo: kudziwa mawu ambiri, kutsatira nkhani, kuzindikira kuti uyu wanena izi chifukwa chakwiya. Mwendo umodzi ukalumala, ulendo palibe. Chichewa chili ndi mwayi pa mwendo woyamba chifukwa chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira, kotero mwana amene wagwira maphatikizo angathe kutchula liwu limene sanalionepo. Koma mawu athu ndi aatali. Liwu loti "sanadzabwerenso" lili ndi maphatikizo 6. Mwana wowerenga mojejema akamafika pa "nso" amakhala ataiwala "sa", ndipo akamafika kumapeto kwa chiganizo sakumbukiranso kuti amene sanabwereyo ndi ndani. Mphamvu zake zonse zathera pa kutchula, yomvetsera nkhani palibe. Chimene chimachotsa kujejemako ndi kuwerenga kwambiri, tsiku ndi tsiku, zinthu zosavuta, mpaka maso azingolanda liwu lonse kamodzi. Buku la m'kalasi limodzi silingakwanire ntchito imeneyi. Ana ambiri amaliloweza pamtima, n'kumaimba tsamba lonse maso ali kudenga.

M'chaka chomwecho cha 1986, Keith Stanovich anatchula chinthu china chimene mphunzitsi aliyense amachiona, n'kuchipatsa dzina kuchokera pa mawu a pa Mateyu 25:29, akuti amene ali nazo adzamuonjezera, koma amene alibe adzamulanda ngakhale kochepa kamene ali nako. Mwana amene wayamba kuwerenga bwino amasangalala, amawerenga zambiri, amadziwa mawu atsopano, kuwerenga n'kumapepukirapepukira. Amene akuvutika amachita manyazi, amalithawa buku, ndipo mpata pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Zochitika za ku laibulale zimene zili ndi phindu ndi zimene zimafikira mwana wachiwiriyo, chifukwa woyambayo buku adzalipeza yekha.

Umboni umene umandilimbitsa mtima unachokera ku Fiji, m'sukulu zakumudzi zofanana ndi zathu, kumene ana amaphunzira Chingerezi chimene sayankhula kunyumba. Mu 1980 Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku a nthano okhala ndi zithunzi, pafupifupi 250 pakalasi, m'sukulu 8. M'makalasi ena mphunzitsi ankawerenga limodzi ndi ana n'kumakambirana nkhaniyo, m'makalasi ena ana ankangowerenga chamumtima kwa mphindi 20 kapena 30 patsiku. Patatha miyezi 8, anawo anali atapita patsogolo pa kuwerenga kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo amene anapitiriza maphunziro a masiku onse. Panalibe zikho kapena alendo olemekezeka. Panali mabuku osangalatsa, nthawi yoikika tsiku lililonse, ndi mphunzitsi amene anauzidwa chochita nawo.

Pa zochitika zonse, chimene ndimachiika patsogolo ndi kuwerengera ana mokweza. Ife Amalawi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa zimenezi, chifukwa tinakulira pamoto. Agogo akati "Padangokhala," tonse tinkayankha "Tilitonse," ndipo pakati pa nthano pankabwera nyimbo imene aliyense ankavomera. Nthawi ya nthano ku laibulale ndi moto womwewo, kungoti tsopano pali buku. Mphunzitsi amaonetsa chikuto, n'kufunsa ana kuti akuganiza kuti muchitika zotani. Amawerenga mosintha mawu, Njovu ndi liwu lake, Kalulu ndi lake. Amatembenuza buku kuti a kumbuyo aone chithunzi. Mwana amene sanayambe kumasula malembo amakhala akulimbitsa mwendo wachiwiri uja, akumva mawu amene samveka pamsika kapena pachitsime, akuzolowera momwe nkhani yolembedwa imayendera.

Pali kanthu kamodzi kamene ndinaphunzira kwa mayi wina amene tinkaphunzitsa limodzi. Tsiku lina ankawerengera ana a sitandade 4 nthano ya Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime. Atafika pamene Kamba wadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee m'mphepete mwa madzi, Kalulu akuyandikira, mayiyo anatseka buku. Ana anakuwa kuti, "Amadamu, pitirizani!" Iwo anangoti, "Belu lalira. Buku ndaliika apa pamphasa." Panali mnyamata wina wamkulu msinkhu, wobwereza kalasi, amene ankakhala kumbuyo ndipo akalozedwa kuti awerenge ankangoweramitsa mutu. Pa nthawi yopuma ndinamupeza atagwada pamphasapo, chala chili pansi pa mzere, milomo ikugwedera, anzake awiri atamuzinga kudikira kuti awauze. Nthanoyo ankaidziwa kale kuchokera kwa agogo ake, ndipo kuidziwako n'kumene kunamuthandiza kuganizira mawu amene ankamuvuta. Anatenga nthawi yonse yopuma pa masamba awiri, phala lake n'kuzizira.

Chimene chimaononga nthawi ya nthano ndi mafunso a mayeso pamapeto pake. Mwana akadziwa kuti buku likatsekedwa afunsidwa kuti "tchulani atengambali atatu" ndipo akalephera anzake amuseka, amamvetsera ndi mantha. Mafunso oyenera ndi amene alibe yankho lolakwa: iwe ukanakhala Kamba ukanatani, ndani wakukwiyitsa m'nkhaniyi.

Chachiwiri ndi kubwereketsa mabuku kuti apite kunyumba, ndipo apa ndi pamene sukulu zambiri zimabwerera m'mbuyo. Zofunika ndi zochepa. Kope la hadikava lojambulidwa mizere: dzina la mwana, kalasi, buku, tsiku lotenga, tsiku lobweza. Ana anayi kapena asanu a sitandade 6 ndi 7 osankhidwa kuti azilemba m'kaundulamo, ndipo ntchitoyi amainyadira kwambiri. Tsiku loikika pamlungu la kalasi iliyonse, lolembedwa pa ndandanda wa maphunziro, kuti lisamadalire kuti mphunzitsi wadzuka bwanji. Nyengo ya dzinja mwana aliyense azibwera ndi jumbo, ngakhale ya shuga, yoti aikemo buku. Mabuku asanjidwe mwa kuvuta kwake, n'kuwaika chizindikiro cha mtundu pamsana, kuti mwana wa sitandade 2 asatenge buku la masamba 200 n'kukagwa nalo ulesi. Pali njira imene ana amaigwira msanga: atsegule tsamba lililonse, apinde chala pa liwu lililonse limene lamukanika, zala zisanu zikatha tsamba lisanathe ndiye kuti bukulo lidikire kaye.

Ndipo tivomereze poyera kuti mabuku ena adzasowa, ena adzabwera ndi madontho a ndiwo, ena mbuzi idzatafuna ngodya. Komiti ya sukulu ndi makolo agwirizane zimenezi pachiyambi, kuti mphunzitsi wa laibulale asamaope kudulidwa malipiro. Lamulo loti wotaya buku alipire ndalama limaoneka lanzeru, koma zotsatira zake n'zakuti makolo osauka amaletsa ana awo kubwereka, ndipo ana amenewo ndi omwe aja tinafuna kuwafikira. Bwino mwanayo athandize kumata mabuku ong'ambika Lachisanu masana, kenako abwerekenso.

Palinso maganizo akuti sukulu yopanda chipinda chapadera singakhale ndi laibulale. Bokosi la mabuku 40 limene limazungulira m'makalasi ndi laibulale. Chingwe chomangidwa pangodya ya kalasi, mabuku atapachikidwa ngati zovala, zikuto zikuonekera, chimakopa ana kuposa shelefu yoonetsa misana yokha, ndipo chiswe sichifikapo. Mphasa ziwiri pansi pa mtengo wa mango zimakwana.

Kuwerenga awiriawiri, wamkulu ndi wamng'ono, kumathandiza pamene mphunzitsi mmodzi sangathe kumvera ana 90 mmodzimmodzi. Kalasi ya sitandade 6 imagawana ana a sitandade 2, aliyense wake, kamodzi kapena kawiri pamlungu. Wamng'ono amapeza womumvetsera. Koma amene amapindula mobisika ndi wamkulu wowerenga movutika. Payekha sangatenge kabuku ka zithunzi ka mizere iwiri patsamba, anzake angamuseke. Akapatsidwa mwana woti amuwerengere, ali ndi chifukwa chomveka chowerengera kabuku komweko katatu, ndipo kubwereza kumeneku n'kumene amafunikira.

Nthawi yowerenga chamumtima sifuna kufotokoza kwambiri: mphindi 20, aliyense ndi buku limene wasankha yekha. Chofunika n'chakuti mphunzitsi nayenso awerenge. Akakhala pa tebulo n'kumachonga makope kapena kuyang'ana pa foni, ana amazindikira msanga kuti iyi ndi nthawi yongotayitsa.

Nkhani imene imandipweteka ndi ya chiyankhulo cha mabukuwo. Mabuku ambiri opatsidwa amachokera kunja, ali m'Chingerezi, ndipo ena amakamba za chipale chofewa ndi masitima apansi panthaka. Sindikuwanyoza, ali ndi malo ake m'makalasi apamwamba. Koma mwana wa zaka 7 amene kunyumba amayankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga, akapatsidwa buku lotere amafunika kumenya nkhondo ziwiri nthawi imodzi, ya malembo ndi ya chiyankhulo. Lamulo la zamaphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo makolo ambiri amafuna ana awo achidziwe msanga, zimene n'zomveka. Komabe luso lomasula malembo mwana amaliphunzira kamodzi, ndipo amaliphunzira mosavuta m'chiyankhulo chimene amalota nacho. Akalidziwa amalisamutsira ku Chingerezi. Laibulale imene ilibe mabuku osavuta a m'ziyankhulo zathu yatseka chitseko kwa sitandade 1 mpaka 3.

Mabuku oterewa ndi ochepa, koma pali poyambira. National Library Service, nthambi ya boma yoyang'anira malaibulale, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 1967, ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, ndipo sukulu ingathe kukafunsa za mabuku a ana. Pa intaneti, webusaiti ya African Storybook ili ndi nkhani za zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe, zimene munthu amaloledwa kusindikiza ndi kumasulira kwaulere. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi foni ndi ndalama pang'ono za fotokope kuchokera ku thumba la SIG, la ndalama zimene boma limapereka zotukulira sukulu, angabweretse nkhani 10 pa teremu. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, monga Tamvani ndi Msangulutso, akadulidwa bwino, kusankha zoyenera ana, n'kumatidwa pa katoni, ana a sitandade 5 amawalimbirana, makamaka nkhani za mpira.

Kenako pali mabuku opanga tokha, mwa nzeru ya TALULAR imene aphunzitsi athu anaphunzira kukoleji, yogwiritsa ntchito zimene zilipo pafupi. Mwana amatumidwa kuti akapemphe nthano kwa agogo kapena azakhali, adzailembe, mnzake waluso ajambule zithunzi. Mphunzitsi amakonza kalembedwe, chikuto n'kukhala cha katoni ya sopo, kusoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Pachikuto pamalembedwa dzina la mwana ndi la agogo amene anafotokoza. Buku lotere likaikidwa pa chingwe chija limabwerekedwa mpaka kutha, chifukwa muli mayina a mitsinje ndi mapiri amene anawo amawadziwa. Chimodzimodzi ndi kabuku ka ndagi. Wina akati "Ndagi!" onse ayankha "Gize!", ndipo mwana amene wapita kukawerenga yekha kuti nyumba yopanda khomo ndi dzira amabwera mawa ndi zisanu zatsopano.

Tsopano za masiku akuluakulu. UNESCO inaika 8 September kukhala tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga, 23 April tsiku la mabuku, ndi 21 February tsiku la chiyankhulo chobadwa nacho. Masiku amenewa ndi abwino, amasonkhanitsa makolo, mafumu ndi a mipingo. Koma momwe timawachitira nthawi zambiri zimandidandaulitsa. Ana amakhala padzuwa kuyambira m'mawa kudikira mlendo wolemekezeka. Zoyankhula zimatenga maola awiri. Ana atatu amene amawerenga bwino kale, amene akhala akuloweza ndime yomweyo mlungu wonse, amaitanidwa kutsogolo, anthu n'kuwomba m'manja. Mabuku amayalidwa pa tebulo kuti ajambulidwe, madzulo n'kubwerera m'kabati. Mwana wa kumbuyo uja wapita kwawo ataphunzira chinthu chimodzi, kuti kuwerenga ndi kwa ena.

Tsiku lomwelo lingathe kukhala tsiku limene mwana aliyense amabwereka buku lake loyamba, limene kalasi iliyonse imachita sewero la nthano imene yawerenga, limene agogo atatu a m'mudzi amakhala pansi pa mitengo itatu ana n'kumazungulira, limene mabuku osoka aja amaonetsedwa kwa makolo. Likhale chitseko cholowera chaka chonse.

Mipikisano ndi mphotho zimafuna kusamala. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake anachita kafukufuku ndi ana a mkaka amene ankakonda kujambula okha. Ena anawalonjeza mphotho akajambula. Patapita masiku, amene analonjezedwa mphotho aja ankajambula mocheperapo kusiyana ndi anzawo pamene mphotho panalibe. Chinthu chimene ankachichita chifukwa chochikonda chinasanduka ganyu. Ndi kuwerenga zingathenso kutero. Mukalonjeza sopo kwa amene amalize mabuku ambiri, ana amasankha timabuku tating'ono n'kumangotembenuza masamba. Mpikisano wotchula malembo a mawu a Chingerezi umasangalatsa oonerera, koma umapindulira ana ochepa amene ali kale patsogolo. Ngati mphotho iyenera kukhalapo, ikhale buku loti mwana akhale nalo lakelake, ndipo apikisane ndi mmene analili iye mwini mwezi watha, kapena kalasi yonse ilimbane kuti pasatsale ndi mmodzi yemwe amene sanabwerekepo.

Makolo ambiri amati, "Ife sitinapite kusukulu, timuthandiza bwanji?" Yankho ndi lakuti amvetsere. Mayi akusenda chinangwa angathe kuuza mwana kuti, "Tandiwerengera, ndimve nawo," n'kufunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani. Chimene chimasowa kunyumba kawirikawiri ndi nthawi ndi kuwala. Dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko, nyumba zambiri zakumudzi zilibe magetsi, ndipo masana mtsikana amakhala ali kumadzi, kunkhuni, kapena ali ndi mwana kumsana pamene mlongo wake akusewera mpira. Apa a mother group, gulu la amayi othandiza pasukulu, ndi mafumu amathandiza kwambiri akanena pamsonkhano kuti mwana aliyense, wamkazi ndi wamwamuna, apatsidwe kanthawi ka buku dzuwa lisanalowe. Ku Zomba bungwe la Save the Children linayesa magulu owerengera a m'midzi, kumene ana amakumana masana kapena Loweruka ndi wachinyamata wodzipereka amene amasunga bokosi la timabuku. Nzeru imeneyi sukulu iliyonse ingathe kuitengera, pogwiritsa ntchito achinyamata amene analemba Fomu 4 ndipo ali pakhomo.

Achinyamata otere, ndi ana amene anasiyira sukulu panjira, amandikumbutsa William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ya kusekondale ndipo anakhala pakhomo. Kumene anathawira ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, ka mashelefu owerengeka. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira zithunzi ndi zojambula za m'mabuku a sayansi, mawu omukanika n'kumafunsa. Pachikuto cha buku lina lotchedwa Using Energy anaona makina oyendera mphepo. Ali ndi zaka 14 anamanga ake ndi njinga yakutha, dayinamo, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, nyumba ya kwawo n'kuyaka magetsi. Pa nthawi imeneyo sanali mwana wa pasukulupo, koma analoledwa kulowa, kusankha yekha, ndi kutuluka nalo buku.

Pasukulu ija ya kabati, titataya mabuku odyedwa ndi chiswe, komiti inagwirizana zodulitsa makiyi ena awiri. Mmodzi anapatsidwa mayi uja wa nthano ya Kalulu, wina anasunga bambo wina wa m'komiti amene nyumba yake inali kuseri kwa bwalo la mpira, kuti pa holide azitsegula Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa. Mabuku otsala tinawagawa m'makatoni asanu ndi atatu, kalasi iliyonse yake. Pofika kumapeto kwa chaka angapo anali atasowa, ambiri anali akuda m'mphepete ndi omatidwa ndi selotepi, ndipo kope la hadikava linali litadzaza mpaka tinagula lachiwiri.